Chitini cha Kuseri kwa Wadilobu

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma poti Bangwe yense akuidziwa kale, bola muimve kwa mwini wake.

Zinayamba tsiku limene mkazi wanga anandigwira mkono n'kuseka. "Bambo a Tadala, mikono yanuyi ngati mapesi bwanji?" Ndinaseka nawo, koma mumtima zinandiwawa kwabasi.

Mnzanga wa kuntchito, wokonda kuwerenga za nutrition, anandiuza kuti ofufuza anapeza kuti protein powder amathandiza minofu kukula, bola munthu azinyamula zitsulo mwakhama. Ine ndinamva za powder zokhazo.

Ndinakagula chitini ku Limbe, n'kumatula label kuti idzakhale surprise, n'kuchibisa kuseri kwa wadilobu. M'mawa uliwonse ndinkasungunula masupuni awiri, kumwera ku bafa mobisa, n'kuthamangira ku gym ya kuseri kwa msika. Tsiku loyamba ndinanyamula ndithu. Kutacha ndinalephera ngakhale kupesa tsitsi! Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kukhala pa benchi, kukamba za mpira ndi kukuwira anzanga kuti, "One more, biggie!"

Patatha miyezi itatu, Loweruka lina ndikuchokera ku gym komweko, ndinapeza ankhoswe ali phee pa sofa. Mkazi wanga maso ali psuu, zikwama zake zili pakhomo. Pa tebulo, chitini changa!

Malume ake a mkazi wanga anakhosomola. "Bambo, mwana wathuyu akuti mumamwa ufa uwu mobisa, kenako n'kusowa. Sing'anga wake ndi uti? Nanga mkazi amene mukumukhwimirayo ndani?"

"Ayi a malume, ndi protein ameneyo! Wa ma muscle!"

"Label ili kuti?"

"Ndinamatula."

"Chifukwa?"

"Surprise."

Mkazi wanga analira mokweza, n'kunyamula chikwama chimodzi. Apa mantha anandigwira, banja likupita ndikuona. Ndinayamba kulalikira za research ngati ndine ndinaichita, thovu lili kukamwa.

"Chabwino," anatero malume. "Sayansi imafuna umboni. Miyezi itatu si pang'ono. Tavulani shati."

Ndinavula. Ndinakoka mpweya, kukunga mikono mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Mapesi aja ali chomwecho! Mpweya utandithera, mimba inangoti phwa pamwamba pa lamba. Chokula m'thupi monse chinali chokhacho.

Malume anavala magalasi, n'kundizungulira kawiri ngati akugula mbuzi. Kenako anatembenukira kwa mkazi wanga.

"Mwana wanga, bweza zikwamazo m'nyumba. Kaya ndi sayansi, kaya ndi sing'anga, mankhwalawa sanagwire. Ndipo mtima pansi, palibe mkazi amene angakulande izi!"

Mkazi wanga anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ija ikadali m'masaya. Banja linapulumuka, ulemu wanga unapita.

Abale, minofu simabwera ndi supuni, mimba ndiye sichedwa.