Giredi 3 ndi Mtsinje wa Kuseri kwa Sukulu

Lolemba

Tisunge wafika m'kalasi mwanga atanyowa mpaka m'khosi, mabuku asanduka phala. Waterereka pamwala powoloka mtsinje wa kuseri kwa sukulu, madzi n'kuyamba kumukokera kumunsi. Amuvuula ndi amayi ena amene amachapa chapafupi. Anzake akuseka. Theka la kalasi limawoloka pomwepo m'mawa ndi masana, ndipo mvula sikuleka.

A hedi avomera: sabata ino tiphunzira za madzi. Malamulo ake ndi ochepa. Osawoloka wekha. Mnzako akagwa, kuwa. Osadumphiramo, m'patse nsungwi kapena m'ponyere chigubu chopanda kanthu. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Lachiwiri

Ndajambula mtsinje ndi phulusa pabwalo la mpira. Ndafunsa wofuna kukhala womira: manja onse m'mwamba. Wopulumutsa: palibe. Kalasi yonse yagona m'matope ikuphupha, ena malilime kunja. Mabvuto, mtsogoleri wa phokoso, akumira mwaluso moti akutsanzikana ndi abale ake mmodzimmodzi, n'kugawa mbuzi za atate ake. Mayunifomu sindinena.

Lachitatu

Phunziro la kukuwa. Ili ndiye aligwira msanga. "Thandizeni, mwana wamira!" kamodzi kokha, akhwangwala onse balala m'mitengo. Posakhalitsa anthu akutulukira m'minda ya nshawa, makasu m'manja, amayi ena ayamba kale kulira. Mlimi wina, a Sakala, asiya ng'ombe zili pagoli, zakalowa m'thonje la eni ake. Ndapepesa mpaka kukhosi kuuma. Iwo angoti, "Madamu, tsiku lina muzitiuziratu kuti lero n'zamasewera."

Lachinayi

Ndinati aliyense abwere ndi chigubu chopanda kanthu. Abwera nazodi. Tisanamalize masamu, amayi awo ali pakhomo la kalasi. Kuti zigubu zikhale zopanda kanthu, ana akhuthula madzi amene anatungidwa mbandakucha, Mabvuto wataya thobwa la anthu aganyu. Nsungwi nazo zasanduka zida zankhondo. Chipumi chimodzi chatupa.

Lachisanu

Tapita kumtsinje weniweniwo, a hedi pambuyo ndi ambulera yawo. Ndakwera pamwala uja kuti ndiwaonetse pamene pali ndere zoterera. Ndawaonetsa bwino kwambiri.

Madzi ndi a m'chiuno, koma amakoka, ndipo ndikamayesa kuima akundigwetsanso. Nsapato imodzi yanyamuka ulendo wa ku Mozambiki. Ana akukuwa, m'minda palibe woweramuka, akuti Madamu ayambanso. Zigubu zikundigwera pamutu ngati matalala. Kenaka ndikuona Tisunge wagona chafufumimba m'mphepete, wanditambasulira nsungwi, anzake amugwira miyendo, onse akukoka.

Ndawerenga mitu ndili khale m'matope, ndabwerezanso. Onse alipo, onse ndi ouma, palibe amene wadumphiramo. Misozi yandilengeza, mwayi nkhope inali yonyowa kale. A hedi ayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Loweruka

Chimfine. Foni yafa. Mudzi wonse ukubwera kudzandizonda, ndipo aliyense akufuna ndifotokoze kuyambira pachiyambi. Mlamu wanga wachokera kumsika ku Katete, akuti nkhani yafika kale, koma kumeneko ndinagwidwa ndi ng'ona.

Lamulungu

Pa zolengeza kutchalitchi, mkulu wa mpingo wati mawa abambo onse abwere ndi nkhwangwa adzayale mitengo pamtsinje, "poti tsopano ngakhale aphunzitsi akugwamo." Mpingo wonse watembenuka kundiyang'ana. Mlatho umenewu takhala tikuupempha chaka ndi chaka chifukwa cha ana, osayankhidwa. Chabwino, bola ukhalepo. Dzina aupatsa kale usanamangidwe: Pa Madamu. Ndidzapuma ntchito, ndidzaikidwa m'manda, anthu azidzawolokabe pa Madamu.

Potuluka a hedi andinong'oneza kuti sabata yamawa ndiphunzitse ana za moto. Ndawauza kuti chimfinechi chikuoneka kuti chitenga nthawi.