Kwa Bwana Amene Anatseka Mphuno ya Galimoto Yanga

Kwa Mkulu wa Kampani ya Zakale Ngati Zatsopano,

Wolemekezeka Bwana,

Zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, mvula inatipeza pa siteji ya basi, ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi, iye ali pamapewa panga. Galimoto ina inadutsa n'kutithira matope. Mwanayo sanalire. Anandigwira makutu ngati chiwongolero, n'kundilamula kuti tsiku la ukwati wake ndidzamunyamule pa galimoto yangayanga. Ndinavomera, poti kulonjeza mwana sikuwawa. Ukwatiwo ndi Loweruka likubwerali, ndipo mwa chifundo chanu galimoto ndili nayo. Ndikulemba kalatayi ndikuseka ndekha, moti mkazi wanga wabwera kawiri kudzandigwira pamphumi.

Ndiloleni, ine munthu wamba, ndiyale zothokoza zanga.

1. Zikomo chifukwa cha wogulitsa wanu wa taye yofiira. Anandilola kuyesa galimotoyo kwa mphindi khumi, maso ake ali pa wotchi. Ndinaganiza kuti ndi munthu wolemekeza nthawi. Ndi zoonadi, chifukwa galimoto yanga imayenda mphindi makumi awiri ndendende, kenako imatsokomola kawiri, kunjenjemera ngati yamva uthenga wa maliro, n'kuzima. Ikapuma pang'ono imadzuka ngati palibe chachitika. Chifukwa cha zimenezi ndadziwana ndi telala wa pamphambano, wosoka nsapato wa pansi pa mlatho, ndi mayi wina wogulitsa nthochi amene masiku ano amandisungira mpando.

2. Zikomo chifukwa cha sukulu yaulere. Makaniko woyamba anati vuto ndi fyuluta yosefa mafuta. Anaigogoda pachikhatho, dzimbiri linagwa, tonse tinaomba m'manja. Tinasintha. Mphindi makumi awiri, zii. Wachiwiri anagwada kumpando wakumbuyo, khutu pansi ngati akumvetsera miseche ya anthu oyandikana nawo nyumba, ine ndikutembenuza kiyi. Anati pampu ikulira ngati udzudzu wodwala. Tinasintha pampu. Wachitatu anakhuthulira petulo yense m'beseni lochapira la mkazi wanga kuti aone ngati muli madzi. Madzi munalibe, ndipo malaya anga akununkha mpaka lero. Mlamu wanga, yemwe sanagwirepo sipanala, anangoyang'ana galimotoyo n'kugamula kuti pali wina kuntchito amene sakundifunira zabwino.

3. Pano ndiye ndigwade ndithu. Mwalimbitsa banja langa. Mkazi wanga ndi namwino. Tsiku lina galimoto itatizimira, ndinatsegula chivindikiro cha thanki kuti ndione ngati mafuta alimo, ndipo thankiyo inakoka mpweya kuti fyuuu, ngati munthu wovuuka m'madzi. Iye anandiyang'ana mmene amayang'anira odwala obisa mapiritsi pansi pa pilo. Anati botolo la dripi silidontha ngati mpweya sukulowa, ndiye amuna anayi athunthu takhala tikuchiza mimba pomwe wodwala watsekeka mphuno. Ndinamukonda pomwepo ngati tsiku loyamba lija, Bwana, pamsewu, malole akutiimbira hutala.

4. Tinakwawira pansi, ine ndi makaniko woyamba uja. Kapaipi kolowetsa mpweya m'thanki tinakapeza katamatidwa ndi guluu, bwinobwino, mwaluso, n'kupakidwa penti yakuda. Bambo wina wotsuka magalimoto pabwalo panu anandinong'oneza kuti limeneli ndi lamulo lanu: galimoto isanunkhe petulo pamaso pa ogula. Ha, ukhondo wake! Ena akanakonza pomwe pakutuluka fungo, koma inu munaona patali. Pampu imakoka mafuta, mpweya osalowa, mpaka thanki inafwaphira ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe. Guluu tachotsa, koma thanki yang'ambika pamsoko ndipo ikudontha. Sindinganyamule mkwatibwi pamwamba pa petulo wodontha. Thanki ya mtundu umenewu imapezeka kwa inu nokha, ndipo pepala lanu la chidindo chagolide likuti chilichonse chovuta mudzasintha mokondwera.

5. Pomaliza, mundithokozere mlembi wanu. Kwa milungu isanu ndi iwiri wakhala akundiuza kuti muli mu msonkhano. Ndimakudandaulirani, Bwana. Kodi amakupatsaniko madzi akumwa m'menemo? Ana anu akukukumbukirani nkhope?

Mwana wanga akuti ndisavutike, akwera ya apongozi ake, yaitali, yoziziritsa mkati. Ananena mokoma mtima, akundikonza kolala. Ndinaseka naye, kenako ndinapita kukakhala m'galimoto yanga kwa kanthawi, mawindo otseka. Bambo amapereka mwana wake kamodzi kokha, ndipo ndimafuna mphindi makumi anayi za ulendo wopita kutchalitchi zikhale zanga, ndizimuona pagalasi.

Koma tamvani nkhani yokoma! M'mawa uno mlembi wanu waimba yekha. Akuti msonkhano watha, mundilandira Lachisanu nthawi ya 10 koloko. Ndavina pakhonde mpaka galu wathawa. Makaniko akuti thanki ikapezeka masana, dzuwa lisanalowe akhala atamanga.

Pempho langa ndi laling'ono. Nkhani yathu tisakakambire mu ofesi. Ndibwera ndi galimotoyo, kapaipi kaja nditakamatanso monga mwa lamulo la kampani yanu, kuti fungo lisakuvuteni. Mudzakhale kumbuyo, pampando wa mkwatibwi, ndikuyendetseni kupita kosungira katundu wanu kukatenga thanki. Akuti ndi ulendo wa mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo zisanu zomalizazo ndi chitunda. Chonde mudzavale nsapato zosaterera.

Ine wanu wogwada ndi mawondo onse awiri,

Bambo a mkwatibwi