Tsiku limene ndinali mfumu ya ku Mangalande

Abale inu, musadzavomere ufumu wachisawawa. Mpaka lero amayi ogulitsa zipatso mumsewu wa kuphiri akandiona amagwada kwinaku akufa nako kuseka.

Ine ndimaphunzitsa hisitole pasekondale ina ku Likangala, ndiye ahedi anandiuza mosapsatira kuti ana akugona m'kalasi mwanga, zikapitirira Fomu 3 apatsa wina. Zinandiwawa. Mutu wa sabata imeneyo unali wa Amereka, mmene anthu a m'madera khumi ndi atatu aja anatopera ndi misonkho ya mfumu ya ku Mangalande yomwe sinkawamvera n'komwe, n'kutaya tiyi m'nyanja, pamapeto pake n'kulengeza poyera kuti basi, salinso pansi pake. Ndinati izi tikachite sewero kuphiri, tione ngati agonenso.

Loweruka tinakwera mpaka ku damu la Mulunguzi, ine mfumu, chisoti cha katoni kumutu, chitenje cha mayi akunyumba paphewa. Tiyi ndinanyamula chitini chawo chonse osapempha, ndimati anawo angowaza pang'ono. Pang'ono pati! Nditangokuwa kuti "Khomani msonkho!", Chifundo, mtsikana amene chaka chonse sanatsegulepo pakamwa m'kalasi, anatsomphola chitini n'kuchikhuthulira m'madzi, anzake nthungululu. Kenaka anakwera pachitsa n'kulengeza ufulu, zifukwa zonse pamtima, osaphonya. Kunena zoona ndinanyadira, misozi ili lengelenge.

Basi tulukiru mlonda, chibonga kumanja.

"Madzi akumwa tauni yonse mukuthiramo chiyani? Wamkulu pano ndani?"

Ndinayang'ana ana anga kuti andithandize kufotokoza. Chifundo anagwada mwaulemu: "Pepani bambo, ife tangolandira kumene ufulu wodzilamulira. Mfumu ndi awo."

Zala zonse kwa ine! Nanga ndikanakana bwanji katoni ili kumutu?

Ndinapinda buluku n'kulowa m'madzi ozizira ngati a mufiriji, kusefa masamba ndi chitenje chija, anthu anga aufulu ali phee pamthunzi. Kunyumba ndinapeza apongozi abwera, agwira kapu ya madzi otentha okhaokha. Mayi akunyumba anangonunkhiza chitenje chonyowacho, osafunsa kanthu, ndipo ndi pamene ndinaopa zenizeni.

Fomu 3 sanandilande, mayeso a mutu umenewo ana anakhoza mpaka ahedi kudabwa. Koma dzulo Chifundo wandipeza, nkhope ili mwee.

"Aphunzitsi, mutu wotsatirawu ndi wa ku Furansi. Mukhalanso mfumu?"

Ku Furansi, anzanga, mfumu anaidula khosi. Umenewo tiphunzira pabolodi, ndi choko.