Kolenti ya Mota Yanga ndi Ulendo Wokaona Mdzukulu

Lolemba

Ndine agogo! Lusiya, mwana wanga woyamba, wabereka mwana wamkazi ku Ulongwe. Mkamwini waimba telefoni ndili m'munda wa mbatatesi. Khasu ndalisiya komweko.

Amake Lusiya akuti tipite Loweruka, ndipo tikwere tchapa, minibasi ija. Tchapa! Ine munthu wa mota, njinga yamoto yangayanga? Mdzukulu wanga woyamba adzamve kuti agogo ake adabwera atapanikizidwa pawindo ngati katundu? Ayi. Tipita pa mota, iwo kumbuyo atavala kapulana, chitenje chawo chatsopano, ine kutsogolo ndi jekete la ku tchalitchi.

Vuto ndi laling'ono chabe: kolenti, unyolo uja wochoka ku injini kukakoka gudumu lakumbuyo. Yalefuka pang'ono. Ikumenya chitsulo, tcha tcha tcha, mpaka agalu a kwathu pa Lifidzi amandidziwa ndisanaoneke. Koma ndi yomwe idabwera ndi mota, ndipo sidandichititsepo manyazi. Chinthu chokhulupirika chotere sutaya chifukwa cha kaphokoso.

Zochita sabata ino:
kuitsuka
kuipaka mafuta
kuikoka pang'ono
kusawauza amake Lusiya

Lachiwiri

Kwa a Zeka, mekaniko wa pamsika, kukangobwereka sipanala. Sindinawafunse kanthu. Iwo agwada okha, atsina kolenti kumbuyo kwa gudumu n'kuikoka. Yanyamuka mpaka ndikuona kuwala pansi pake.

"Achimwene, iyi yatha. Ndipo musagule kolenti yokha. Timagudumu ta mano tiwiri iti tapita nayo limodzi. Taonani manowa, apindika ngati minga ya mkuyu wa m'tchire."

Mkuyu ulibe minga, koma sindinawatsutse. Munthu wogulitsa zitsulo sangakuuze kuti chitsulo chako chili bwino.

Masana ndaitsuka ndi palafini ndi kamswachi kakale. Dothi lotuluka m'menemo! Lofiira la kwathu, lakuda la ku dambo, mwina ndi la ku Dedza lomwe. Munthu akhoza kubzalapo nyemba.

Oliyo ndilibe. Koma mafuta ndi mafuta. Ndatapako pang'ono m'botolo la ophikira amake Lusiya ali kuchitsime. Mota yazungulira bwalo mwakachetechete ngati mphaka. A Zeka akanamva akanalira.

Lachitatu

Nyerere!!

Kuyambira pakhomo, kukwera gudumu, kuzungulira kolenti yonse, mzere wabwino ngati wa ku chigayo. Zina zanyamula ndi ana omwe.

Amake Lusiya akweza botolo lawo padzuwa nthawi yaitali. Ndiwo za masana zilibe mafuta, ndi za ine ndekha.

Ndapita kumunda kuti nyerere zigwe m'njira. Zagwadi. Koma fumbi lonse la mumsewu lamata pa mafuta aja, ndipo kolenti ikuoneka ngati mandasi ogwera mumchenga. Ikulira kuposa Lolemba, tsopano ndi kamawu kena ngati ikutafuna miyala.

Madzulo wabwera mlamu wanga Joze, amene ali ndi njinga yakapalasa koma amadziwa za galimoto zonse.

"Alamu, mafuta ophikira ndi a mu mphika. Katengeni oliyo wakuda wa ku chigayo. Ndipo poti pokokera kolenti pafika pamapeto, chotsaniko mfundo imodzi. Idzakhala ngati yatsopano."

Awa ndiwo mawu! Munthu amene sakugulitsa kanthu.

Lachinayi

Zida:
hamala
msomali waukulu
mwala wa pamtondo
Joze, wogwirizira ndi kulangiza

Kachitsulo kolumikiza mfundo sikakufuna kutuluka. Hamala yapeza chala changa chachikulu m'malo mwake. Ndanena mawu amene agogo atsopano sayenera kunena. Kenaka katuluka, kauluka, nkhuku yakathamangira. Tachotsa mfundo, talumikiza, tapaka oliyo wakuda mpaka kudontha.

Kolenti yakungika ngati chikopa cha ng'oma. Joze waigogoda ndi sipanala ndipo yalira ting'. Akuti ndiko kulira kwa thanzi.

Ndamanga thumba la nyemba kumbuyo kuti liyimire amake Lusiya (izi asamve). Pachidikha mota ikuuluka. Ndikuimba nyimbo ya ubatizo. Pachitunda cha kuseri kwa sukulu ndawonjezera moto, ndiye phwaa! Injini ikukuwa, mota ikubwerera chambuyo, ine miyendo m'mwamba.

Kolenti ndaipeza m'munda mwa eni, itagona m'mapesi ngati njoka yophedwa. Ndayiika m'thumba la jekete. Sindikanaisiya kutchire, tayenda nayo zambiri.

Kukankha mota pachitunda, ndi nyemba zomwe, ndi ntchito ya ng'ombe ziwiri.

Pakhomo amake Lusiya ayang'ana ine, ayang'ana mota. "Bambo a Lusiya, tchapa ilibe kolenti."

Joze wakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mbuzi zokamasula.

Lachisanu

Kwa a Zeka sindipitako. Osati manyazi, koma nkhope yawo ndikuidziwa kale momwe ikhalire.

Ndabwereka njinga ya Joze mpaka pamsewu waukulu, kenaka lole ya ku Kalomwe, kumalire. Kumalire kuli chilichonse. Kolenti yatsopano m'kabokosi, yonyezimira, yonunkha fakitale. Wogulitsa, mnyamata wa ndevu zosongoka, wandifunsa: "Madala, timagudumu ta mano simutenga?" Anthu awa adachita msonkhano kapena? Ndamuuza kuti mano a mota yanga ndimawadziwa kuposa anga.

Ndagula kolenti yokha. Ndalama zotsala ndagulira mdzukulu kashawelo koyera ndi tisokosi. Apa palibe anganditsutse.

Madzulo ndaiika. Yokongola! Anthu odutsa akuima. Pakuzungulira ikuchita ngati ikudumpha dzino apa ndi apo, tiki, tiki, koma nsapato yatsopano nayo imaluma tsiku loyamba. Izolowera.

Amake Lusiya asita kapulana wawo. Amanga ufa, nyemba ndi nkhuku yaikazi yonenepa. Afunsa kamodzi kokha: "Tifika?" Ndati tifika mpaka adabwe.

Mawa ndimuona mwana. Mtima ukuchita ngati wa mnyamata.

Loweruka

Kunyamuka kwake kunali kwa ulemu, izi zilembedwe. Kachisanu ka m'mawa, nkhungu m'zigwa, amake Lusiya atandigwira m'chiuno monga kale tili pa chibwenzi. Akusekanso! Tawadutsa anthu odikira tchapa, ndawaimbira belu.

Chitunda choyamba: kolenti yavuka. Ndaibwezera. Manja akuda.

Chitunda chachiwiri: yavukanso. Ndaibwezera. Ndapukuta thukuta, nkhope yakuda.

Pambuyo pake ndasiya kuwerenga. Amake Lusiya aphunzira kutsika ndisanawauze. Potsika kwina mpendero wa kapulana wakhudza kolenti. Mzere wakuda kuyambira pabondo mpaka pansi. Auyang'ana, andiyang'ana, akweza maso kumwamba.

Tatsala pang'ono kuona madenga a ku Ulongwe, pansi pamveka grrrr, mota yaima. Kolenti ili m'malo mwake, yathunthu, yonyezimira. Koma kagudumu ka mano kakutsogolo kasanduka chiseyeye. Mano onse yadya kolenti yatsopano ija. Injini ikuzungulira yokha ngati munthu wolankhula wopanda womumvera.

Nkhuku yokha ndiyo inali ndi mawu.

Mota taikankhira pakhomo lina la m'mbali mwa msewu. Mayi a pakhomopo, osatidziwa n'komwe, atipatsa madzi ndi pokhala. Atamva za mdzukulu aombera m'manja. "Isiyeni pakhonde, bambo, siidya kanthu. Pitani mukaone mwana." Aimitsanso okha lole ya kabichi ya mphwawo.

Talowa mu Ulongwe titakhala pamwamba pa kabichi, nkhuku pamiyendo. Pafupi ndi msika amake Lusiya ayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, akundimenya paphewa. Inenso basi.

Lusiya watsegula chitseko n'kubwerera m'mbuyo. "Ababa, mwachokera ku malasha?"

Lamulungu

Ku Ulongwe, m'nyumba ya mkamwini, mu buluku la mkamwini. Likuthera pakati pa msongolo. Kutchalitchi amake Lusiya ndi mkamwini apita okha.

Ndavomera. Kolenti ndi timagudumu take n'zokwatirana, zimakalamba limodzi ndipo zimachoka limodzi. Mbatatesi zikakumbidwa ndigula zonse zitatu, ndi oliyo weniweni, ndipo ndikawapeza a Zeka ndi nkhope yawo ija. Mota ikhale kaye pakhonde la eni. Mkamwini akuti akaitenga ndi ngolo ya mnzake. Ngolo! Chabwino.

Manja ndasamba ndi sopo, ndi phulusa, ndi ndimu. M'zikhadabo ndi m'ming'alu mwakana. Dzulo lonse Lusiya amangondionetsa mwana chapatali, ngati katundu wa m'sitolo.

Lero wandimvera chisoni. Watenga sokosi za mwamuna wake, zoyera, wandiveka m'manja onse awiri mpaka m'zigongono, n'kundikhazika pampando. Kenaka wandiika mwana pachifuwa.

Kopepuka ngati mtolo wa masamba. Mphuno ndi yakwathu, pepani mwanawe. Wayasamula, wandiyang'ana ndi diso limodzi, wagona.

Izi ndazilemba atamunyamula kukayamwa, cholembera chikuterereka m'sokosi. Akumubweretsanso. Lusiya akuti ndikhale momwemo, ndisasunthe.

Ndilibe kopita, mwanangu. Ndilibenso chopitira.