Nkhondo ya Chimbale cha Kwaya

Tcherani khutu, inu amene munabadwa kanema ali kale m'thumba, ndikuuzeni za masiku aja amene zithunzi zinkayenda pa zimbale zonyezimira, masiku amene akuluakulu ena a kutali, atakhala pansi m'zipinda zozizira, anagawa dziko lonse lapansi m'zigawo zisanu ndi chimodzi, nalamula kuti chimbale cha chigawo china chisaoneke pa makina a chigawo china. Iwowo sanadziwe kuti lamulo lawolo lidzagwera mabanja awiri a m'kanjira kena kafumbi, kuseri kwa malo okwerera basi, kumene nyumba ziwiri zinalekanitsidwa ndi mpanda wa njerwa wolekeza m'chifuwa.

Kumanzere kwa mpandawo kunkakhala Aphunzitsi, Mwini Cholembera Chofiira, Woopsa wa Masamu, amene anapuma ntchito koma sanapume kukonza zolakwa za anthu. Kumanja kunkakhala Atelala, Mbuye wa Sizasi, Wopalasa Makina Osatopa, amene ankadziwa pamtima kukula kwa mimba ya mwamuna aliyense wa m'deralo. Awiriwa anali pachilamu, pakuti akazi a Aphunzitsi, amene tonse tinkangowatchula kuti Amayi, anali alongo awo a Atelala.

Chidani chawo chinayamba chonchi. Aphunzitsi anali ndi dividi, makina oonetsera zimbale, yapamwamba, yogula m'sitolo ya magalasi, yokhala ndi dzina lolemekezeka pachipumi, ndipo ankaivundikira ndi kansalu koluka ngati khanda. Tsiku lina Atelala anabwera kuchokera kumsika atanyamula kadividi kopepuka, kopanda dzina, kogula pansi pa ambulera. Aphunzitsi atakaona ananena, makasitomala a Atelala akumva, kuti chimenecho chinali chitini cha nsomba chimene wina anachilowetsa magetsi. Atelala sanakweze mawu. Anangotchula, anthu omwewo akumva, mainchesi a m'chiuno mwa Aphunzitsi a chaka chatha ndi a chaka chimenecho, ndipo anawapempha, monga katswiri wa masamu, kuti achotsere okha. Kuyambira tsiku limenelo Aphunzitsi ankakasoketsa mathalauza awo kutsidya kwa msewu, ndipo kwa zaka ziwiri phazi la mmodzi silinaponde khonde la mnzake.

Ndiye kunafika chimbale. Mwana yekhayo wa Aphunzitsi ndi Amayi anali namwino kunja, kutali kodutsa nyanja zamchere, ndipo panali patatha zaka zinayi makolo ake asanamuone nkhope. Kumeneko ankaimba m'kwaya ya ogwira ntchito pachipatala, ndipo kwayayo inajambulitsa nyimbo zake pa chimbale chogulitsa m'masitolo. Mtsikanayo anatumiza chimodzi papositi, ndi kakalata kakuti iyenso alimo, amuona.

Aphunzitsi anasamba m'manja. Anavundukula makina awo aulemu, nalowetsa chimbalecho ndi zala ziwiri, Amayi atakhala kutsogolo, atavala magalasi. Makina analira pang'ono, naganiza, kenako analemba pa tivi mawu ochepa a Chingerezi, akuti chimbalechi ndi cha chigawo china. Aphunzitsi anachitulutsa, nachipukuta ndi mpango, nachiuzira mpweya, nachibwezeramo. Makina anabwereza mawu omwe aja, mopanda manyazi.

M'mawa mwake ngwaziyo inanyamula makina ake kukhwapa n'kupita kwa wokonza mawailesi wa pamsika, munthu wokhala pakati pa mitembo ya ma tivi. Iye anafotokoza za zigawo zija, nati makina ena amamasuka ukadina manambala achinsinsi pa rimoti. Anadina oyamba, osatheka. Anadina achiwiri, osatheka. Atadina achitatu, zolemba zonse za makinawo zinasanduka za chilankhulo chimene panalibe ndi mmodzi yemwe pamsikapo wodziwa ngakhale koyambira kuwerenga, koma chimbale chinakanidwabe. Pamenepo wokonzayo anakanda mutu nanena kuti, kunena zoona, timakina totchipa tija ta pansi pa ambulera sitisankha, timadya chilichonse, ndipo anafunsa ngati Aphunzitsi sadziwa munthu amene ali nato. Aphunzitsi anayankha kuti sadziwa munthu wotero.

Masiku asanu ndi anayi anadutsa. Chimbale chinakhala pamwamba pa kabati, ndipo Amayi ankachitsitsa masana aliwonse n'kumayang'ana chithunzi cha pachikuto, pamene anthu makumi asanu ovala mikanjo yabuluu ankaoneka ang'onoang'ono ngati mitu ya machesi. Aphunzitsi ankawalimbitsa mtima kuti akulemba kalata kwa opanga makinawo. Tsiku lakhumi, amuna awo ali kubafa, Amayi anakulunga chimbalecho m'nsalu, natuluka pageti, nalowa pageti linalo.

Atelala anawalandira ngati mkulu wankhondo amene adani amubweretsera makiyi a mzinda. Anaimitsa makina osokera, natsegula mawindo onse oyang'ana kumpanda, nakweza mawu a tivi mpaka pomaliza. Kadividi kopanda dzina kanameza chimbale kosafunsa kumene chachokera, ndipo nyimbo inabuka, yokoma, yodzaza nyumba. Atelala anaima pawindo, tepi yoyezera ili m'khosi, nalankhula molunjika kumpanda:

"Imvani, inu a mbali inayo, amene mumaweruza makina poona dzina. Chitini cha nsomba chija chayamba kuimba. Amene ali ndi makutu asendere, sitilipiritsa."

Koma chipambano chawo chinali cha mphindi imodzi. Tivi ya Atelala inali yakale, yamsana waukulu, ndipo zithunzi za kudziko lija zimayalidwa mwa mtundu wina umene nkhalambayo sinaphunzire. Mitundu yonse inathawa, kunatsala zakuda ndi zoyera, ndipo anthu a kwaya ankakwera m'mwamba mosalekeza, mitu ikutulukira pansi mapazi akulowera kudenga. Atelala anaimenya khofi kumbali, inapitirizabe. Amayi anayesetsa kutsatira nkhopezo ndi maso mpaka anachita chizungulire.

Aphunzitsi, amene anali atafika pampanda thaulo lili paphewa, anaona zonsezi kudzera pawindo, ndipo anaseka koyamba m'masiku khumi. Analengeza kuti tivi yawo ndi yatsopano, yodziwa zithunzi za mitundu yonse, monga linanenera buku lake patsamba lachisanu ndi chiwiri. Motero zinadziwika kwa onse kuti mfumu iliyonse inagwira theka la ufumu: wina anali ndi makina olandira chimbale, wina tivi yoonetsa zithunzi zake.

Zokambirana zinatenga masiku atatu, Amayi ali kazembe woyenda pakati. Aphunzitsi anati kadividiko kabwere kwawo, koma mwini wake atsale. Atelala anati katundu wawo sayenda wopanda mwini, ndipo tivi ndiyo ibwere, popeza ili ndi mwini wamphamvu, wa chiuno chokwanira kuinyamula. Aphunzitsi anati mawu amenewo abwezedwe kaye. Atelala anati abweza Aphunzitsi akayamba abweza za chitini.

Loweruka masana Amayi anatenga mpando wapulasitiki, naukhazika padzuwa pafupi ndi mpanda, nakhala pansi chimbale chili pamiyendo. Sanakalipe.

"Bambo, ndi inu achimwene, ine mwana ndinabereka mmodzi. Sindilowa m'nyumba ya aliyense wa inu mpaka nditamuona. Mukafuna pitirizani, ine ndili pano."

Dzuwa linali loswa mtengo. Anthu opita kokwera basi anayamba kuchepetsa liwiro n'kumasuzumira. Patatha ola limodzi, chitseko cha kumanzere chinatseguka, ndipo Mwini Cholembera Chofiira anatuluka atakumbatira tivi, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, naikhazika patebulo m'dera lake. Chitseko cha kumanja chinatsegukanso, Mbuye wa Sizasi natuluka ndi kadividi kake, nakaika pasitulu m'dera lakenso. Mawaya atatu, wachikasu, wofiira ndi woyera, anawoloka pamwamba pa njerwa. Panabuka kankhondo kakang'ono pa funso lakuti wachikasu alowe bowo liti, koma Amayi anakhosomola, ndipo kanatha. Popeza kuwala kunkaphimba zithunzi, Atelala anabweretsa nsalu ya makatani a kasitomala wina, amuna awiriwo naigwira m'makona ngati denga, aliyense ataima kwawo, mikono ili m'mwamba.

Zithunzi zinabwera zoima bwino, mikanjo ili buluu weniweni. Nyimbo yoyamba inatha, mtsikana osaoneka. Yachiwiri, yachisanu, yachisanu ndi chitatu. Wojambula ankakonda woimbitsa kwaya ndi mayi wina woimba limba. Mikono ya ngwazi zija inayamba kunjenjemera, koma panalibe wofuna kuyamba kutsitsa. Pa nyimbo yomaliza kamera inayenda pang'onopang'ono mzere wakumbuyo, ndipo kuseri kwa bambo wina wamtali, wa mapewa ngati chitseko, kunaoneka diso limodzi la mtsikana uja, tsaya limodzi ndi theka la pakamwa poimba. Zinatha masekondi anayi.

Amayi anati abweze. Atelala anabweza ndi dzanja limodzi, naimitsa chithunzi pamenepo. Amayi anadzuka, nasendera pafupi, nakhudza galasi la tivi ndi chala pa tsaya lija.

"Wanenepa pang'ono," anatero. "Ndiye kuti akudya."

Aphunzitsi anayang'ana kumbali, nati fumbi la m'katani lawalowa m'maso. Atelala anati nsaluyo ndi yafumbi ndithu, nawonso lawalowa. Kenako Aphunzitsi anafunsa kuti kodi munthu wamtali chotero anamuimika bwanji kutsogolo kwa mwana wa eni ake, ndipo Atelala anayankha kuti alamu anena zoona, ndiponso mkanjo wa bamboyo unasokedwa molakwika m'mapewa, moti ukanakhala wa muyeso wake, mphuno ya mwanayo ikanaoneka.

Pangano la mtendere linasainidwa madzulo omwewo, patebulo la tivi, tiyi ali m'makapu. Inali kalata ya masamba atatu yopita kwa woimbitsa kwaya wa kutsidya kwa nyanja, yolembedwa ndi Aphunzitsi, yodandaula za kaimikidwe ka anthu m'mizere, ndipo Atelala anaonjezerapo chojambula cha mmene phewa la mkanjo liyenera kudulidwira. Anakangana pang'ono za amene asaine pamwamba, mpaka anagwirizana kusaina moyandikana pamzere umodzi. Amayi sanasaine nawo. Anali atatenga rimoti, akubwezanso kachikhumi ndi chiwiri.