Phwitiko ndi Milamba ya Eni Ake

Mwambi umene ndikufuna kukutulirani lero, ana inu, chiyambi chake chinali chotere.

Panali munthu wina dzina lake Phwitiko, wochokera kumapiri kumene madzi amaoneka mumtsuko mokha. Kwawoko ndiwo zinali mbewa ndi bowa, nsomba ankangoimva mbiri. Munthuyu anadzakwatira kuchigwa, m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje, nakhala pachikamwini kwa mkazi wake Nachisale. Kulima ankalima ndithu, ndipo denga akafolera silinkadontha. Koma anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: sankafuna kuuzidwa. Munthu akangoti ayambe kumulangiza, iye ankamudula pakamwa n'kunena kuti, "Zimenezo ndikuzidziwa kale."

Tsono m'mudzi umenewo mwamuna ankadziwika ndi mlamba. Anzake ankabwera kumtsinje atakoleka milamba pandodo, michira ikukwekwereza pansi, akazi awo n'kumawamba mpaka fungo kukafika kutsidya. Phwitiko akapita ankabwerako ndi timatemba tosadzaza n'chikhatho chomwe.

Apongozi ake aakazi, aNangondo, sankalankhula naye maso ndi maso, pakuti mwambo sunkalola. Koma anali ndi nkhuku. Akafuna kuti mawu amupeze mkamwini, ankakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumauza nkhukuzo mokweza.

"Nkhuku inu, mwaziona ndiwo za lero? Ine ndimayesa zinyalala, ndinatsala pang'ono kusesa. Mwana wangayu adzakalamba osaudziwa mutu wa mlamba. Komatu nkhuku inu, mnyamata amene anayamba kumufunsira uja mpaka lero sanakwatire."

Mawu omalizawo anamulasa Phwitiko pamtima. Ankadziwa kuti mkamwini ndi mlendo, tsiku lina akhoza kuchokera kumunda n'kupeza mphasa yake itakulungidwa pakhomo. Ndipo iye ankamukonda kwambiri Nachisale.

M'mawa mwake anatenga mbedza, dengu ndi chikho cha nyongolotsi.

"Abambo," anatero Nachisale, "bwanji mudzere kaye kwa amalume? Iwo aja amadziwa pogona milamba."

Phwitiko sanafune, koma njira ya kumtsinje inkadutsa pakhomo pawo pomwepo. Anawapeza a Chidzaye, amalume a mkazi wakewo, akuluka mono pansi pa mtengo. Mkuluyo ataona dengu anamuitana.

"Akamwini, khalani pansi ndikuuzeni. Mlamba saufuna pamadzi oyera othamanga ayi. Umakonda pamene mtsinje wakhota, madzi n'kufooka, matope n'kudikha. Muziyang'ana pansi pa mizu ya mitengo, m'mphepete mwa bango, kapena pamene chipika chinagwera m'madzi. Mukaona timathovu tikukwera, khalani pomwepo, musafulumire. Koma mukafika pa mkuyu wong'ambika ndi mphenzi, mubwerere. Kumunsi kwake kuli dziwe limene mtsinje uno umathera, ndipo dziwe limenelo..."

"Ndikulidziwa kale, bambo," anatero Phwitiko akudzambatuka.

A Chidzaye anangotsala kukamwa kuli yasa, bango lili m'manja.

Phwitiko akutsika ndi mtsinje ankaseka chamumtima. "Anthu a kuchigwa kuumira! Pamene akukuletsa m'pamene pali nyama. Akufuna ine ndizitola matemba, iwo azikadyerera kumunsi."

Anayesako pokhota pamodzi, koma mbedza isanakhazikike n'komwe anaizula n'kupitirira. Anapeza amayi akuchapa pamwala.

"Akamwini, mukulowera kuti ndi dengu?" anafunsa mmodzi. "Kumunsiko sikupitidwa!"

"Chapani zovala, amayi, za amuna zisiyeni."

Patsogolo anapeza mwamuna wina akuthirira mpiru m'dimba, dimba lomaliza kumbali imeneyo. Nayenso anaweramuka n'kukuwa, "Achimwene, bwererani! Kumeneko ngakhale ng'ombe yaludzu imakafika n'kutembenuka!"

Phwitiko anangokweza dzanja osacheuka.

Atadutsa mkuyu wong'ambika uja, njira inayamba kuchepa, kenaka inatheratu. Anayenda chopatula bango ndi manja. Poyamba sanazindikire chimene chasintha, koma ataima kuti apume anamva kuti kulibe chimene akumva. Mbalame zii. Achule zii. Ngakhale ntchentche imene inkatsatira nyongolotsi zake inali itabwerera. Dzuwa linali paliwombo, koma thukuta linamuumira pamsana, ndipo anayamba kumva tsembwe ngati m'mawa wa mwezi wozizira.

Bango litatha analiona dziwe. Madzi ake anali bii ngati kunsi kwa mphika, osagwedezeka, osaonetsa ngakhale chithunzi cha mitengo imene inawerama pamwamba pake. Mtsinje unkalowamo mwakachetechete, koma potulukira panalibe. M'mphepete munali mbiya zakalekale zovundikira, iliyonse yobooledwa pansi, zina zitamira theka m'matope.

Mwana aliyense wa m'mudzimo akanadziwa kuti mbiya zoterozo zimakhala pamalo otani. Phwitiko anazigunda ndi phazi nati, "Si izo! Amaphikira konkuno kuti ena tisamve fungo."

Ndipo zonse zimene ananena a Chidzaye zinalipo: mizu yolowa m'madzi, chipika chowola, matope, timathovu tikukwera ponseponse ngati mowa ukuwira.

Anaponya mbedza. Isanamire n'komwe chingwe chinalemera. Atakoka, panatuluka mlamba wonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Chodabwitsa chinali chakuti sunalimbane naye. Unangobwera phee, ngati mbuzi yozolowera chingwe, maso ake ali pa iye. Anauika m'dengu n'kuponyanso. Wachiwiri unabwera chimodzimodzi, koma uwu unali ndi mkanda wofiira pa ndevu imodzi. Wotsatira unali ndi chipini pamphuno, chonga chimene ankavala amayi akale.

"Lero ndiye lero!" anatero Phwitiko. "Ndiwo zomwezo, mphatso ya mkazi yomweyo."

Mawu ake anagwera m'madzi osabwerera, ndipo anadziona kuti walankhula mokweza pamalo osayenera.

Dengu litadzaza anacheuka kuti aone chuma chake. Milamba ija sinkaphiriphitha monga ichitira nsomba pamtunda. Inali itandanda bwinobwino, mitu yonse italoza kwa iye, ikupuma pang'onopang'ono ngati anthu okhala pamaliro. Kenaka umodzi unatsokomola. Chinali chifuwa chenicheni, cha nkhalamba yosuta fodya.

Tsitsi linamuima Phwitiko. Miyendo inati tiye kwathu, ndipo akanaimvera bwenzi mwambi uno kulibe. Koma akuti anyamule dengu, anaona mchira ukulowa pang'onopang'ono kuphanga la pansi pa mizu, mchira wotambalala ngati lichero. Anaganiza za apongozi ake. Anaganiza za mnyamata wosakwatira uja. Nsomba yotere, anatero mumtima, ikhoza kutseka pakamwa mudzi wonse, koma mbedza singaithe.

Anagona chafufumimba pagombe n'kupisa dzanja m'phangamo. Linalowa mpaka m'chigongono, kenaka mpaka paphewa. Anafufuza m'matope ozizira, nakhudza chinthu choterera.

Pomwepo chinthucho chinamugwira.

Sanali mano ayi, ndipo sikanali kamwa la nsomba. Zinali zala. Zala zozizira, zoonda, zinalowa pakati pa zala zake n'kumugwira monga munthu agwirira chanza mlendo amene wamuyembekeza nthawi yaitali. Timathovu tinakwera pafupi ndi khutu lake, ndipo m'kuphulika kwake munamveka mawu a munthu wokalamba, odekha, aulemu.

"Mwaswera bwanji, akamwini?"

Phwitiko, poti analeredwa bwino, anayankha asanaganize. "Ndaswera bwino, kaya inu?"

Atatero m'pamene anazindikira amene akulonjerana naye, ndipo anakuwa mpaka mawu kusasa. Anakoka dzanja, osatheka. Anapalasa matope ndi miyendo, nsalu yake n'kumasuka, koma chanza chija sichinasiye.

"Mwalowa m'mudzi mwathu osaodira," anatero mawu aja. "Mwanyamula alongo athu ndi azakhali athu n'kuwaika m'dengu. Tsono poti mwabwera, lowani m'nyumba. Mlendo sachezera pakhomo."

Ndipo dzanja lija linayamba kumukoka, osati mwamphamvu ayi, koma pang'onopang'ono, mosalekeza. Phewa linamira. Chibwano chinakhudza madzi. Phwitiko anakola mizu ndi zala za kumapazi, nagwira tsinde la bango ndi dzanja linalo, n'kumalira ngati mwana. Anaitana amayi ake a kumapiri, anaitana Nachisale, anaitana ngakhale nkhuku za apongozi ake. Mthunzi wa mitengo unasuntha n'kumufunda, madzi anafika pamlomo wapamwamba, ndipo ankapuma ndi mphuno yokha.

Ali choncho anamva phokoso kutali, kumtunda kwa mtsinje. Anali anthu. Mwini dimba uja, ataona kuti munthu wapitirira mkuyu ndipo sakubwerera, anathamangira kumudzi, tsono mudzi wonse unali kutsika ndi mtsinje. Mtima wa Phwitiko unakhala pansi pang'ono, mpaka pamene anayamba kumva zimene ankanena.

"Tinkanena ife!" Amenewo anali amayi a pamwala aja.

"Inenso ndinanena, mpiru wanga ndi mboni!"

"Tinkanena!" anatero a Chidzaye akupuma mwabefu. "Mawu anandidula pakamwa ngati mpeni."

Aliyense wolowa m'gululo ankafika ndi mawu omwewo, ngakhale amene sanamuone n'komwe tsiku limenelo. Mtsinje wonse, kuyambira padooko mpaka pamkuyu, unangoti tinkanena, tinkanena, ngati achule a mvula yoyamba.

Woyamba kutulukira m'bango anali aNangondo, pakuti ngakhale anali ndi pakamwa, sankafuna mwana wawo akhale wamasiye. Zimene anaona n'zimene mpongozi sayenera kuona: mkamwini ali gone m'matope, mutu kumadzi, nsalu ili poteropo. Anatembenuka msangamsanga n'kumufulatira, naomba m'manja.

"Si izi! Anthuni, si izi!"

Onse ofika pambuyo pawo ankati akasuzumira n'kugwira pakamwa. "Si izi!"

Koma Nachisale anathamanga n'kumufunda mwamuna wake chitenje, namugwira miyendo akulira.

A Chidzaye anagwada patali pang'ono ndi madzi, nayamba kulankhula motsitsa mawu. "Akamwini, zimene munakana kumva muli chiimire, muzimva muli chigonere. Chaka cha nthomba, makolo athu ankaika anthu pagombe lino, poti kumanda kunadzaza. Kenaka kunabwera madzi osefukira n'kugumula gombe lonse, manda onse n'kulowa m'dziwemu. Milamba ya muno ili ndi eni ake. Ena amati ndi eni akewo."

Phwitiko anafuna kuyankha, koma panangotuluka thovu.

Mkuluyo analamula kuti dengu libwere. Anatenga milamba ija umodziumodzi ndi manja awiri n'kumaibwezera m'madzi, anthu onse akuomba m'manja mwaulemu. Uliwonse unkamira osagwedeza madzi. Wa chipini uja unayandama kanthawi, n'kuwayang'ana aNangondo kumsana, kenaka n'kumira. Atatero a Chidzaye anathira ufa m'mphepete mwa dziwe.

"Inu akuluakulu a pansi, mwanayu ndi mlendo, wakumapiri. Kupusa n'kwake, koma ndi wathu. Tibwezereni."

Kenaka Phwitiko anamva chala chimodzi chikumasuka, china n'kutsatira, mpaka dzanja lonse linatsala lokha m'matope. Amuna anamukoka miyendo n'kumugwetsera pamtunda. Dzanjalo linali loyera mbuu ngati lapakidwa phulusa.

Anthu asanapume n'komwe, timathovu tinakweranso, ndipo ulendo uno mawu aja anawamva onse.

"Pitani bwino, akamwini. Mutiperekere moni kwa Nangondo. Mumuuze kuti malo ake tikumusungira."

Ana inu, palibe anadziwa kuti mayi wamkulu ngati uja angathamange chotero. Anafika kumudzi anyamata onse ali m'mbuyo.

Phwitiko anagona masiku angapo akunjenjemera. Atadzuka, Nachisale anamuyang'ana kumaso n'kugwetsa chikho. Pamlomo wapamwamba, pamene panafika madzi a dziwe paja, panali patamera ndevu zazitali zoterera, zolendewera uku ndi uku, zosapota, zenizeni za mlamba. Anazimeta, m'mawa zinameranso. Anazizula, zinabwerera zitatalikirapo. Mvula ikayandikira zinkagwedezeka zokha, moti amayi ankayamba ayang'ana nkhope ya Phwitiko asanayanike ufa.

Ukwati wake sunathe. ANangondo sanafunenso kumva za mlamba moyo wawo wonse, ndipo ankaopa kuthamangitsa munthu amene anagwirana chanza ndi akuluakulu a pansi, kuti mwina angakawanenere. Phwitiko anabwerera ku mbewa zake, ndipo banja linadya mbewa mwamtendere mpaka ukalamba.

Kuyambira pamenepo mtsinje uja anthu anayamba kuutchula kuti Tinkanena, chifukwa cha mawu amene anadzaza m'magombe mwake tsiku limenelo, ndipo dziwe lakuda lija analitcha Siizi. Tsono mukaona munthu akutseka makutu pamene anzake akumuchenjeza, akuyenda monyada kulowera kumunsi, musalimbane naye. Akuluakulu amangopukusa mutu n'kunena kuti: mtsinje wa Tinkanena unakathera mu Siizi.