Dengu la Emama Tiruwork Linali ndi Tikiti

Mvula ya mwezi wa Hamle ikayamba, kwathu kumudzi timafesa tefu, mbewu ya njere ting'onoting'ono. Kuno kutauni imangotithamangitsira tonse m'sitima, n'kumathinana ngati nkhuni pamtolo. Ndiyo nyengo imene ndimakumbukira Emama Tiruwork, mayi amene ankafunira dengu lawo mpando.

Ankaphika injera, buledi wopyapyala wa ufa wa tefu, n'kukagulitsa m'malo odyera ku Piyasa, kumene sitima imalowa pansi pa nthaka. Chaka chimene boma linachepetsa thandizo lake ndipo matikiti anakwera, kunabweranso lamulo lakuti dengu lalikulu lizilipira ngati munthu. Ndiye kuti amayi a injera aziphikira sitima, ana awo n'kumagona ndi njala.

Ena anayamba kuyenda wapansi m'matope. Koma Emama anagula matikiti awiri, n'kukaima pamaso pa bwana wina wa tayi, Ato Mulugeta, kutanthauza Bambo Mulugeta.

"Mwanangu, dzuka. Akuluwa akhale."

"Akulu ake ati, Emama?"

"Ato Denguwa. Alipira ndalama zofanana ndi zako, komanso anabadwa kale iwe usanamere mano."

Bwanayo anadzuka, anthu akufa nacho chiseko.

Woyang'ana matikiti anafika atakwinya nkhope. "Emama, tsitsani katunduyo! Simukuona kuti anthu aimirira?"

"Katundu? Pogula tikiti munati ndi munthu. Wasanduka katundu nthawi yanji? Ngati ndi katundu, bwezani ndalama zake. Ngati ndi munthu, m'patseni moni."

Bamboyo anayang'ana uku ndi uku, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira. Kenako anaweramitsa mutu kulonjera dengu.

Sabata yotsatira madengu khumi ndi awiri anakhala pamipando, atafunditsidwa nsalu zoyera ngati akupita kutchalitchi, eni ake ataima pambali manja ali m'chiuno. Mabwana anaimirira mpaka ku Piyasa, tsiku ndi tsiku, akupondana nsapato. Maluwa achikasu otsanzika mvula asanaphuke, chikwangwani cha lamulo lija chinasowa pakhoma. Palibe anafotokoza.

Emama tinawaika m'manda nthawi yokolola. Sitima ikudzazabe, koma mwa zii. Aliyense maso pafoni, ndipo tikiti ikakwera timangong'ung'udzira m'makolala.

Dzulo mwana wawo Yeshiwas analowa m'sitima atanyowa, dengu lomwe lija lili kumsana, akusowa poponda. Ndinadzuka, n'kupukuta mpando ndi mkono wa jekete, n'kuwakhazika Ato Dengu.